Filimu ikadziwa kuti ndi filimu: chifukwa chake Freddy ndi Ghostface amadumpha malire a sewero

Chakumayambiriro kwa filimu ya Scream 2, yomwe inatuluka mu 1997, mtsikana wina akubayidwa m'holo yoonetsera mafilimu yodzaza anthu. Akudzandira mpaka kutsogolo, magazi ali chuchuchu, koma anthu akungokuwa mosangalala. Ambiri avala zigoba zoyera zofanana ndi cha wakuphayo, ndiye akuyesa kuti ndi sewero chabe lokometsera tsikulo. Filimu imene anthuwo abwerera kudzaonera ikutchedwa Stab, ndipo ikufotokoza za kuphana kumene ife tinaona mu Scream yoyamba. Choncho ife tikuonera anthu amene akuonera filimu ya zimene ife tinaonera kale, pamene wina akufa pakati pawo.

Woonera koyamba amafika pofunsa kuti kodi apa chenicheni n'chiti, sewero n'liti. Chisokonezochi n'chadala, ndipo chili ndi mbiri yake. Dziwani kuti m'munsimu ndaulula mathero a mafilimu angapo, chifukwa palibe njira yofotokozera nkhaniyi popanda kutero.

Slasher n'chiyani

Mafilimu oopsa alipo amitundumitundu: a mizukwa, a ziwanda, a zilombo. Slasher ndi mtundu umene woopsayo amakhala munthu, kapena chinthu chooneka ngati munthu, chosaka anthu mmodzimmodzi ndi mpeni, chikwanje kapena chida china chakuthwa. Nthawi zambiri chimabisa nkhope, ndipo ophedwa amakhala achinyamata. Dzinali likuchokera ku mawu a Chingerezi otanthauza kutema.

Mizu yake anthu amailoza ku 1960, chaka chimene Alfred Hitchcock anatulutsa Psycho, koma imene inaika chikombole ndi Halloween ya John Carpenter ya mu 1978. Inapangidwa ndi ndalama pafupifupi madola 300,000 okha, n'kubweretsa oposa 40 miliyoni ku America kokha. Amalonda ataona phindu lotere anakhamukira komweko. Mu 1980 kunabwera Friday the 13th, ndipo mu 1984 Wes Craven anatulutsa A Nightmare on Elm Street, ya Freddy Krueger, munthu wa nkhope yopsa ndi golovesi ya mipeni amene amapha ana m'maloto awo.

Chikombolecho n'chosavuta kuloweza. Gulu la achinyamata lili pamalo akutali ndi thandizo. Amene wapatuka yekha wafa. Amene wapita kukaona chimene chagogoda panja wafa. Pomaliza pamatsala mtsikana mmodzi wamaso, amene amalimbana ndi wakuphayo. Mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, Carol J. Clover, anamupatsa mtsikana ameneyu dzina lakuti final girl, kutanthauza mtsikana wotsala, ndipo dzinali linafala kwambiri buku lake la mu 1992 litatuluka.

Vuto la gawo lachiwiri, lachitatu, lachisanu ndi chitatu

Filimu ikagulidwa, eni ake amafuna yotsatira. Friday the 13th inatulutsa mafilimu 8 pakati pa 1980 ndi 1989. Freddy anafika pa mafilimu 6 pofika 1991. Apa m'pamene pali gwero la nkhani yathu, chifukwa mantha amadalira kusadziwa, pamene filimu yotsatira imadalira kubwereza zimene anthu anakonda kale. Ziwirizi zimakokana.

Taganizani za gogo amene wafotokoza nthano ya Kalulu ndi Fisi kakhumi. Akangoti "padangokhala", ana akuyankha "tili tonse" koma akudziwa kale pothera, mwina mpaka kumutsogolera mawu. Gogo angathe kungobwereza, ana n'kugona. Angathe kuwonjezera zoopsa kuti adzidzimuke. Koma gogo wochenjera amatha kuchita chinthu chachitatu: kuvomereza kuti ana akuidziwa nthanoyo, n'kuyamba kusewera ndi kudziwa kwawoko. Amaima pamene akuyembekezera kuti Fisi agwa m'mbuna, n'kunena kuti lero Fisi wamva kale nthanoyi, sagwamo, ndipo akubwera kuno.

Mafilimu ambiri a m'ma 1980 anasankha njira yachiwiri, magazi ochuluka ndi imfa zachilendo. Zotsatira zake, oonera anasiya kuopa wakuphayo n'kuyamba kumuchemerera. Freddy, amene mu 1984 anali wakupha ana wonyansa, anasanduka wanthabwala, wokhala ndi pulogalamu yake pa TV ndi zidole zake m'masitolo. Kampani ya New Line Cinema inalemera naye kwambiri moti anthu ankaitcha nyumba yomangidwa ndi Freddy.

Mawu akuti meta

Njira yachitatu ija ndi imene olemba za mafilimu amaitcha meta. Sizikukhudzana ndi kumeta tsitsi ayi. Ndi mawu ochokera ku Chigiriki, ndipo pano akutanthauza nkhani imene ikudzikamba yokha, yodziwa kuti ndi nkhani. Luso limeneli si la dzulo. Miguel de Cervantes wa ku Spain atalemba gawo lachiwiri la Don Quixote mu 1615, anaikamo anthu amene awerenga kale gawo loyamba la mu 1605, ndipo amamuzindikira mpangankhani wamkulu chifukwa cha bukulo. Onani kuti nakonso linali gawo lachiwiri. Gawo loyamba silingathe kuchita zimenezi bwino, poti palibe chimene owerenga akudziwa kale.

Amene anaonerapo filimu yomasuliridwa m'Chichewa m'kanyumba ka vidiyo akudziwa kamvekedwe kake. Womasulira uja samangomasulira, amathiramo ndemanga, kumuchenjeza wosewera kuti usalowemo m'nyumbamo, n'kuseka naye akalowa. Filimu ya meta ili ngati yatenga womasulirayo n'kumuika mkati mwa nkhani, kumene nayenso angathe kubayidwa.

Kudzidziwaku kuli ndi makwerero. Lapansi ndi pamene atengambali aonerapo mafilimu oopsa ndipo amawatchula. Friday the 13th yachisanu ndi chimodzi, ya mu 1986, inayesa kale zimenezi: mayi wina ataona munthu wovala chigoba pamsewu akuuza mnzake kuti abwerere, poti waonera mafilimu okwanira kudziwa tanthauzo lake, ndipo wokumba manda wina amayang'ana kamera n'kudandaula za anthu okonda zosangalatsa zachilendo. Lapakati ndi pamene mkati mwa filimu muli filimu ina yofotokoza nkhani yomweyo. Lapamwamba ndi pamene osewera enieni amadzisewera okha ndi mayina awo enieni. Chodabwitsa n'chakuti Wes Craven anayambira pamwamba, n'kutsika pambuyo pake.

1994: Freddy atuluka m'filimu

Mu 1991 New Line inamupha Freddy m'filimu imene inalengezedwa kuti ndi yomaliza. Patangopita zaka zitatu, Craven anabwerera ndi Wes Craven's New Nightmare, yachisanu ndi chiwiri, ndipo anaizemba imfa ija mwanjira imene ambiri sanaiyembekezere. M'filimuyi, mafilimu 6 onse aja ndi mafilimu chabe. Nkhani ikuchitika ku Los Angeles, pakati pa anthu amene anawapanga.

Heather Langenkamp, yemwe anasewera Nancy, mtsikana wotsala wa filimu yoyamba ya Freddy, mu 1984, akusewera Heather Langenkamp, mayi wa mwana mmodzi amene akupemphedwa kubwereranso m'filimu ya Freddy. Robert Englund, amene amavala nkhope ya Freddy, akudzisewera yekha. Chimodzimodzinso John Saxon, yemwe anali bambo a Nancy, ndi Robert Shaye, bwana wa New Line, amene tikumuona mu ofesi yake. Craven mwini akuoneka monga wolemba amene akulota zoopsa n'kumazilemba. Pali malo ena pamene iye ndi Heather akamaliza kucheza, kamera imatembenukira pa kompyuta yake, ndipo mawu onse amene angolankhulana ali olembedwa kale pamenepo. Pa mndandanda wa mayina kumapeto, Freddy Krueger walembedwa kuti wadzisewera yekha.

Zina mwa zimene zili m'nkhaniyi zinatengedwa m'moyo weniweni. Langenkamp anavutitsidwapodi ndi munthu womulondalonda, ndipo mwamuna wake weniweni ndi katswiri wokonza nkhope ndi zinthu zoopsa za m'mafilimu, monga alili mwamuna wa m'filimuyi, ngakhale kuti wa m'filimuyu ndi wosewera wina wa dzina lina. Mwana wakenso ndi wosewera. Ndiye pali zivomezi. Nkhani inali nazo kale, koma pa 17 January 1994, ntchito yojambula isanathe, chivomezi chenicheni cha Northridge chinagwedeza Los Angeles, ndipo ojambula anapita kukajambula nyumba ndi misewu yogumuka n'kuziika m'filimu. Zogumuka zimene mukuona pamenepo si zomanga dala.

Koma chimene chimaisiyanitsa filimuyi ndi nthabwala wamba ndi chifukwa chimene Craven amapereka m'nkhanimo. Akuti pali choipa china chakalekale, chimene nthano yabwino imatha kuchigwira n'kuchitsekera kwa kanthawi, ngati mmene muikira njoka m'botolo. Nthanoyo ikasukuluka chifukwa chogulitsidwa mobwerezabwereza, kapena ikaleka kukambidwa, choipacho chimatuluka. Chinazolowera maonekedwe a Freddy, ndiye chatuluka chitavala iyeyo, ndipo njira yochibwezera ndi yakuti Heather asewerenso Nancy. Chakumapeto John Saxon amangoyamba kumutcha Nancy, nyumba yake n'kusanduka ija ya pa Elm Street. Filimu imatha Heather akuwerengera mwana wake nkhani yolembedwa ya filimu yomweyi, kuyambira tsamba loyamba, ngati nthano ya pogona.

Apa Craven, amene asanalowe m'mafilimu anali mphunzitsi wa pa koleji, akuyankha anthu awiri nthawi imodzi. Akudzudzula amalonda amene anasandutsa Freddy chidole, ndipo akuyankha amene amati mafilimu oopsa amaononga ana. Kaya yankho lake likukwana ndi nkhani ina, tibwererako. Olemba ndemanga ambiri anaiyamikira filimuyi, koma anthu sanaithamangire. Ku America inapeza ndalama zochepa kuposa mafilimu onse a Freddy amene anaitsogolera.

Scream ndi filimu ya mkati mwa filimu

Patapita zaka ziwiri, Craven anatsogolera Scream, yolembedwa ndi Kevin Williamson, ndipo ulendo uno anatsika makwerero. Osewera sakudzisewera okha. Atengambali ndi achinyamata a m'tauni yopeka ya Woodsboro, koma aonera mafilimu onse amene ife taonera. Wakupha, wotchedwa Ghostface, amaimba foni n'kufunsa mafunso a mafilimu, ndipo wolephera amafa. Mtsikana woyamba, woseweredwa ndi Drew Barrymore, amakodwa pa funso la amene ankapha mu Friday the 13th yoyamba: amayankha kuti Jason, wakupha wotchuka wa m'magawo otsatira, pamene anali mayi ake a Jason. Barrymore ndiye anali wotchuka kwambiri mwa osewera onse, ndipo kumupha m'mphindi zoyambirira kunali kuuza oonera kuti zimene mukuganiza kuti mukudziwa sizikupulumutsani. Pambuyo pake mnyamata wina, Randy, amaimitsa Halloween pa vidiyo n'kuyamba kuphunzitsa anzake malamulo opulumukira m'filimu yoopsa.

Iyi ndiye inagulidwa, madola oposa 170 miliyoni padziko lonse. Tsono vuto lija linabweranso: filimu yoseka chikombole ikafuna gawo lachiwiri, itani? Yankho linali Stab.

M'dziko la Scream, mtolankhani Gale Weathers walemba buku la kuphana kwa ku Woodsboro, ndipo Hollywood yalisandutsa filimu. Tizigawo ta Stab timene timaoneka mu Scream 2 tinajambulidwadi, Heather Graham akusewera mbali ija ya Barrymore, koma mokokomeza mwadala. Kuyambira apo, Scream iliyonse imayenda ndi Stab yake ngati munthu ndi chithunzithunzi chake. Scream ikafuna kunena kuti mafilimu otsatira amakhala oipa kuposa oyamba, imanenera Stab, ngati mayi wodzudzula mwana wa mnzake kuti wake amve.

Scream 3 ya mu 2000 inasamukira ku Hollywood, kumalo kumene akujambula Stab 3. Sidney Prescott, mtsikana wotsala wa mafilimuwa, woseweredwa ndi Neve Campbell, amathamangitsidwa m'nyumba yomangidwa mofanana ndi ya kwawo, yomwe zitseko zina sizipita kulikonse. Gale weniweni amayenda limodzi ndi mayi wosewera Gale, akukangana kuti Gale angachite bwanji. Scream 4 ya mu 2011 inafika poyamba ndi kuphana kumene kenako timazindikira kuti ndi Stab 6, yomwe ikuoneredwa ndi anthu amene nawonso ali mu Stab 7, yomwe ikuoneredwa ndi atsikana a ku Woodsboro. Kunena zoona, pofika apa munthu umayamba kukayikira chilichonse chooneka pa sikirini, ndipo mwina cholinga chinali chomwecho.

Chofunika kuona ndi zifukwa zimene akupha amapereka, chifukwa zimasintha ndi nthawi. Mu 1997, mmodzi akufuna kugwidwa kuti kukhoti akanamizire mafilimu. Mu 2011, msuweni wa Sidney akufuna kutchuka monga wopulumuka, ndipo kuphako kukujambulidwa kuti kukaikidwe pa intaneti. Craven anamwalira mu 2015, ndipo mu Scream ya 2022, yotsogoleredwa ndi Matt Bettinelli-Olpin ndi Tyler Gillett, akupha ndi okonda Stab amene akwiya ndi Stab 8, tsono akupha anthu kuti opanga mafilimu apeze nkhani yabwino yoti atengerepo. Chala chinayamba kuloza filimu, kenako ofalitsa nkhani, ndipo pano chikuloza woonera mwini.

Ena anayesanso njira zomwezi. Mu Seed of Chucky ya 2004, Jennifer Tilly amadzisewera yekha pamene akulankhuliranso chidole chakupha. Gawo lachiwiri la filimu yoopsa ya The Blair Witch Project, la mu 2000, limafotokoza za anthu okonda filimu yoyamba amene apita kunkhalango kumene inajambulidwa.

Ziwiri zosokonezeka: kuseka ndi kunamiza

Meta si chimodzimodzi ndi filimu yongoseka ina. Scary Movie ya mu 2000 imaseka Scream, ndipo cholinga chake ndi phwete basi. Palibe amene amaopa. Scream imaseka koma mpeni wake umacheka ndithu. Ndipotu dzina lakuti Scary Movie ndi limene Scream inali nalo isanasinthidwe.

Si chimodzimodzinso ndi filimu yodzitcha kuti ndi nkhani yoona. The Texas Chain Saw Massacre ya 1974 imayamba ngati ikufotokoza zochitikadi, ndipo The Blair Witch Project ya 1999 inatsatsidwa ngati matepi otoledwa a ophunzira osowa. Izi zimabisa ulusi kuti mukhulupirire. Meta imakuonetsani ulusiwo dala, n'kuona ngati muopabe.

Pamene zenizeni zimalowerera

Malire amene mafilimuwa amaseweretsa si opeka okhaokha. Williamson anayamba kulemba Scream ataona pulogalamu ya pa TV yokhudza Danny Rolling, amene anapha ophunzira asanu ku Gainesville, Florida, mu 1990. Craven naye ankanena kuti maganizo a Freddy anawatenga m'nkhani za m'nyuzipepala zokhudza othawa kwawo ochokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia amene ankamwalira m'tulo.

Njirayi imayendanso chobwerera. Pa 20 April 1999 ana awiri a sukulu anapha anzawo ndi mphunzitsi pa sukulu ya Columbine ku Colorado, ndipo America yonse inayamba kutsutsana za chiwawa cha m'mafilimu. Scream 3, imene inkakonzedwa nthawi imeneyo, inachepetsedwa magazi n'kuwonjezeredwa nthabwala. Pakhalanso milandu yakupha imene olakwawo anatchula Scream, monga wa mu 2006 ku Idaho, kumene anyamata awiri anapha mnzawo wa m'kalasi ndipo anadzijambula pa vidiyo akukamba za chiwembucho. Ndipo Scream 3 ili ndi bwana wa mafilimu wogwiririra atsikana ofuna ntchito. Mu 2017 nkhani zomunena bwana wa mafilimu Harvey Weinstein kuti ankagwiririra akazi zitaphulika, anthu anaiyang'ananso ndi maso ena, poti dzina lake lili pa mndandanda wa mabwana a filimuyo.

Zimene anthu akutsutsanabe

Funso loyamba ndi lakuti kodi kudzidziwa kumawonjezera mantha kapena kumawapha. Ena amati mtengambali akaganiza ngati ife, n'kuchita zonse zimene ife tikanachita koma n'kufabe, pothawira pamatha. Ena amati filimu ikangokukumbutsa kuti ndi filimu, mtima umakhala pansi, ndipo chotsala ndi masewero a mafunso a anthu odziwa mafilimu.

Lachiwiri ndi la chilungamo. Filimu ikanena yokha kuti magawo otsatira amapangidwa chifukwa cha ndalama, pamene iyo ndi gawo lachisanu, yadzudzula kapena yangodzitchinjiriza kuti wina asaidzudzule? Scream VI ya 2023 inatuluka popanda Neve Campbell, amene ananena poyera kuti malipiro amene ankafuna kumupatsa sanafanane ndi zimene wabweretsa ku mafilimuwa, ndipo nkhani imeneyo ikanakwana bwinobwino mu Stab.

Lachitatu ndi lija tinalisiya. Craven ankati nthano yoopsa imatsekera choipa. Omutsutsa amaloza milandu ngati ya ku Idaho. Omuikira kumbuyo amayankha kuti anthu mamiliyoni anaonera osapha munthu, ndipo kutchula filimu kukhoti ndi chimene Scream 2 inaneneratu. Mafilimuwa amalifunsa okha funsoli mobwerezabwereza, koma nthawi zambiri amaliika m'kamwa mwa wakupha, munthu amene mawu ake sitingawadalire.

Ndiye pali la oonera atsopano. Malamulo a Randy anali okoma mu 1996 chifukwa oonera anakulira pa Halloween ndi Friday the 13th. Wachinyamata wa lero angathe kukhala kuti slasher yake yoyamba inali Scream, kutanthauza kuti anamva kuseka kwa chikombole asanachione chikombolecho. Kwa iye meta ndiye chikombole. Gawo lotsatira lidzaseka chiyani kuti limudzidzimutse, ndipo kodi wotsogolera wina adzalimba mtima kubwerera pamwamba pa makwerero pamene Craven anayambira mu 1994, n'kuika Neve Campbell kuti asewere Neve Campbell?